Samu za mole zikuphedwa ndi liwiro

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma m'makalasi athu a Chemistry kudekha kunatha, ndipo mutu umene wavulala kwambiri ndi wa mole. Mayeso a MSCE akayandikira, mwana amangouzidwa kuti aloweze: apa gawa, apa chulukitsa. Mukamufunsa kuti m'magalamu 36 a madzi muli mamole angati, amayankha kuti 648, chifukwa wachulukitsa ndi 18 m'malo mogawa. Yankho ndi 2. Chowawa n'chakuti mwanayo sadabwa n'komwe, poti sanayesepo madzi pa sikelo kuti aone kuti magalamu 36 sakwana ngakhale masipuni akuluakulu atatu.

Nkhaniyi payokha si yovuta. Wogula chimanga sawerenga njere imodziimodzi, amangoika thumba pa sikelo. Ndi mmenenso zilili ndi maatomu ndi mamolekyu, amene diso silingawaone: timawawerenga poyesa kulemera kwake. Mole imodzi ya chinthu chilichonse ili ndi tizidutswa 6.022 × 10²³. Madzi okwana mole imodzi amalemera magalamu 18, pomwe mchere wa m'ndiwo umalemera magalamu 58.5. Ukagawa magalamu ako ndi kulemera kwa mole imodzi wapeza mamole, ukachulukitsa mamolewo ndi nambala yaikulu ija wapeza tizidutswa. Basi.

Nambalayi sinabwere mothamanga. Amedeo Avogadro wa ku Turin ananena mu 1811 kuti mipweya yosiyana, ikadzaza malo ofanana pa kutentha ndi kupanikizika kofanana, imakhala ndi tizidutswa tofanana kuchuluka. Iye anamwalira nambalayo asanaidziwe. Jean Perrin ndi amene anaitcha dzina la Avogadro mu 1909, ndipo mu 2019 m'pamene mayiko anaikhazikitsa kuti ndi 6.02214076 × 10²³ ndendende. Akatswiri anatha zaka zoposa 200, ife tikufuna mwana wa Fomu 3 aimvetse masana amodzi pa patitaimu.

Chimene chimanditsitsa mtima kwambiri n'chakuti samu zimenezi zalembedwa pa thumba limene makolo a mwanayo amalirira chaka ndi chaka. Mole imodzi ya feteleza wa urea imalemera magalamu 60, ndipo 28 mwa magalamuwo ndi nayitirojeni. Ndiye 46% yolembedwa pa thumba ija. M'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a chakudya chimene chimanga chikufuna. Wa ammonium sulphate mole yake ndi magalamu 132, koma nayitirojeni ndi yemweyo wa magalamu 28, kutanthauza 21% yokha. Matumba awiriwa amalemera mofanana pamutu, koma limodzi silifika ndi theka lomwe la mphamvu ya linzake. Mwana amene waona zimenezi ndi cholembera chake sangapusitsidwe ndi wogulitsa, ndiponso sangaiwale pogawa ndi pochulukitsa.

Aphunzitsi adzati silabasi ndi yaitali ndipo tsiku la mayeso silidikira munthu. N'zoona, komanso kudekha sikugula zipangizo za mu labu. Koma mchere ulipo m'nyumba iliyonse, ndipo sikelo yaing'ono ya magalamu si galimoto. Komiti ya sukulu imene imakwanitsa kutolera ndalama za phwando la a Fomu 4 ingathe kugula sikelo imodzi, kuti mwana aliyense ayese yekha magalamu 58.5 a mchere asanalembe chilichonse m'kope.