Kupirira Sikutseka Pakamwa

Pali mawu awiri amene timafulumira kuwaponyera munthu wovutika. Wodwala matenda amgonagona timamuuza kuti, "Pirirani." Woferedwa mnzake amene adadzipha timamuuza kuti, "Musamulire, adadzisankhira yekha Moto." Mawu oyambawo tawapotoza, ndipo achiwiriwo si ife oyenera kuwanena.

Ku Mpingu, pamsewu wa Lilongwe kupita ku Mchinji, kuli m'bale wathu wochokera kunyanja amene msana wamusautsa zaka zambiri, kotero kuti Swalah amaswali chokhala. Mnzake amene ankamukweza panjinga popita kuchipatala adadzipha. Pamaliro anthu ankanong'onezana, ena nkumafunsa ngati jeneza yotere nkuiswalira. M'bale wathuyo adatsala ndi ululu uwiri, ndipo pa wonsewo adauzidwa kuti akhale chete, poti ndiyo sabr.

Sabr yanji imeneyo? Mneneri Ayub, amene timamutchula tikamaphunzitsa kupirira, adadandaulira Mbuye wake kuti vuto lamukhudza. Mneneri Yaqub adalirira Yusuf mpaka maso adayera. Kodi ife tapambana aneneri pa chikhulupiriro, kuti tiletse wodwala kubuula ndi namfedwa kukhetsa misozi? Nthawi zambiri "pirirani" wathuyu amangotanthauza kuti tatopa kumvetsera.

Kudzipha ndi tchimo lalikulu, palibe akutsutsa. Koma amene amakumbukira kuti Mtumiki (Mtendere ndi Madalitso a Allah zikhale pa iye) sadaswalire munthu wina wodzipha, amaiwala nkhani ina ya m'buku lomwelo la Imam Muslim. Munthu wa fuko la Daws, amene adasamukira ku Madina pamodzi ndi Tufayl ibn Amr, adadwala, ululu udamukulira, nadzivulaza mpaka kufa. Tufayl adamulota atakhululukidwa chifukwa cha msamuko wake, ndipo Mtumiki atamva adamupempherera chikhululuko. Onani bwino: chidamufikitsa pamenepo chinali matenda. Imam an-Nawawi, wa madh-hab a Shafi'i amene ambiri kunyanja kuno timatsata, adaona m'nkhaniyi umboni woti wodzipha sakhala kafiri. Maulama ochuluka amati asambitsidwe, avekedwe sanda, aswaliridwe. Tsono wogamula za Moto pabwalo la maliro, mwana wamasiye akumva, walanda mpando umene si wake.

Ululu nawonso uli ndi mankhwala, ndipo kuwafuna si kuchepa kwa imani. Chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, chomwe sichili kutali ndi Mpingu, chimasamalira odwala matenda osachiritsika. Ku Salima kuli Ndi Moyo. Kumeneko ogwira ntchito amafunsa kuti pakuwawa ndi pati ndipo pakuwawa motani, ndipo pofunikira amapereka ngakhale morphine wakumwa. Komabe timaona mabanja akugulitsa mbuzi kulipira asing'anga, wodwala nkumagonera Panado wa pagolosale, thiransipoti yopitira kuchipatala osaipeza. Sadaka yophikira mpunga pa arubaini timasonkha mosavuta. Ya munthu wamoyo imatilemera.

Chimodzimodzi matenda a maganizo. Ku Bwaila ndi ku St John of God mu Lilongwe, komanso ku Zomba Mental Hospital, kuli anthu ophunzira ntchito imeneyi, koma mnyamata akanena kuti moyo wamutopetsa timamuseka kuti mwamuna salira, kapena timathamangira kunena za majini. Woferedwa mwa njira imeneyi, makamaka amene thupi likumuwawa kale, ali pangozi iyenso. Afunika kuchezeredwa pakatha mwezi, pakatha miyezi itatu, anthu onse atabalalika, ndipo afunika kufunsidwa mosazungulira ngati naye akuganiza zodzichotsera moyo. Funso lotere silimupatsa maganizowo, limamutsegulira pakamwa.

Gawo 229 la Penal Code, lomwe tidalandira kwa atsamunda, lidaika woyesa kudzipha m'gulu la opalamula milandu. England idachotsa mlandu umenewu mu 1961, Pakistan mu 2022, ndipo nyumba ya malamulo ya Malaysia idachita chimodzimodzi mu 2023. Mayiko a Asilamu ochuluka adaona kuti munthu wotere afunika dokotala, osati wapolisi. Masheikh athu, kodi khutba ya Ijumaa imene idatchula dzina la chipatala chimodzi chokha mwa izi tidaimva liti?