Gitala yakale imadula chifukwa cha nthano

Mu June 2019, kampani ya Christie's ku New York inagulitsa pa okushoni gitala yakuda ya David Gilmour wa gulu la Pink Floyd pa madola 3,975,000. Ogulitsa magitala akale amaikonda nkhani imeneyi, amati ndi umboni woti chakale sichilingana ndi chatsopano. Chimene sanena n'chakuti gitalayo ndi Fender Stratocaster ya mu 1969, nyengo imene iwo omwewo amati kampani ya Fender inali italowa kale pansi. Khosi lake Gilmour analisintha kangapo. Anasinthanso za magetsi zam'kati, thupi lake analiboola n'kudzalimatanso. Ikanakhala ya woyimba wosadziwika, wasitolo akanaitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti yaseweretsedwa kwambiri, mtengo utsike. Jim Irsay, mpondamatiki amene anaigula, analipira manja amene anaigwira ndi nyimbo zimene inaimba. Thabwalo linangotsagana nawo.

Ine ndilibe mlandu ndi munthu wolemera amene akufuna kusunga mbiri m'nyumba mwake. Mkangano wanga uli ndi bodza limene latsikira kwa oyimba wamba, loti kaliridwe kabwino ka gitala yamagetsi kamakwera limodzi ndi mtengo, ndipo amene wagwira gitala yotchipa ngati Squier kapena Yamaha Pacifica akungoyembekezera tsiku limene adzagule gitala yeniyeni.

Tiyambe ndi Leo Fender mwini wake. Anali wokonza mawailesi ku Fullerton, m'chigawo cha California, ndipo gitala sankatha kuimba. Pamene ankatulutsa Broadcaster mu 1950, imene chaka chotsatira inasanduka Telecaster, ndi Stratocaster mu 1954, maganizo ake anali a mwini fakitale. Thupi linali thabwa losalala lodulidwa ndi makina. Khosi ankalimanga ndi masikuluwu anayi, kuti likapindika ungolimasula n'kuikapo lina. Amisiri a magitala a nthawi imeneyo ankaiseka, ankati ndi nkhafi yopalasira bwato. Ndiye gitala imene lero anthu amaigwira ndi magolovesi oyera, amene anaipanga ankafuna kuti ikhale yotchipa, yopangika mwamsanga, yosavuta kukonza. Fender atagulitsa kampani yake ku CBS mu 1965 pa madola 13 miliyoni, chaka chimenecho chinasanduka malire: zonse za m'mbuyo mwake zopatulika, zonse za patsogolo pake zokayikitsa. Koma Jimi Hendrix ku Woodstock mu 1969 ankaliza Stratocaster yopangidwa m'nthawi ya CBS, ndipo palibe anadandaula.

Nkhani ya Gibson Les Paul ndiye yoseketsa kwambiri. Imene anthu amaifera ndi yopangidwa ku Kalamazoo pakati pa 1958 ndi 1960, ndipo anapanga pafupifupi 1,700 okha. Kuchepa kumeneku sikunali kwa dala. Magitalawo sankayenda malonda, oyimba ankati ndi olemera ndiponso achikale, mpaka Gibson inasiya kuwapanga. Ankagulitsidwa pa madola osafika 300. Kenaka Keith Richards anaoneka nayo mu 1964, Eric Clapton anajambula nayo chimbale ndi John Mayall mu 1966, achinyamata n'kuyamba kusakasaka m'masitolo a katundu wogwiritsidwa kale ntchito. Lero imodzi imagulidwa madola mazana a masauzande. Chinasintha pakati pa 1960 ndi 1966 si gitalayo ayi.

Okonda zakale amati chinsinsi chili mu pickup, kachipangizo ka maginito kokulungidwa ndi waya wopyapyala wa kopa kamene kamatola kunjenjemera kwa nsambo n'kukusandutsa magetsi. Ya Gibson ya zaka zimenezo, imene anapanga Seth Lover, amaitamanda ngati mankhwala. Zoona zake n'zakuti makina okulungira waya m'fakitalemo sankaima pa chiwerengero chimodzi, choncho ina inkatuluka ndi waya wambiri, ina wochepa. Zina zinkamveka bwino zedi, zina wamba. Chimene lero chikutchedwa matsenga chinali kusalongosoka kwa ntchito. Ndipo tisaiwale kuti magitala oipa a zaka zimenezo ambiri anaphwasulidwa kapena kutayidwa kalekale. Amene afika lero ndi amene wina anawaona kuti ndi oyenera kusunga, ndiye tikamayerekeza, tikuika osankhika a dzana pambali pa chilichonse cha lero.

Clapton yemweyo amatithandiza. Cha m'ma 1970 analowa m'sitolo ya Sho-Bud ku Nashville n'kugula ma Stratocaster 6 a m'ma 1950 pa mtengo wolira, poti anali atachoka m'fasho. Atatu anapatsa George Harrison, Pete Townshend ndi Steve Winwood. Pa atatu otsalawo anatenga thupi apa, khosi apo, n'kulumikiza gitala imodzi imene anaitcha Blackie. Bwanji sanangosankhapo imodzi, ngati iliyonse ya zaka zimenezo inali yangwiro? Blackie inagulitsidwa mu 2004 pa madola 959,500. Fender Mustang ya Kurt Cobain inapita pa madola oposa 4 miliyoni mu 2022, chonsecho Mustang anaipangira ophunzira.

Pali zina zimene sindingakane. Matabwa ena sapezekanso: rosewood wa ku Brazil, amene ankaikidwa pakhosi, malonda ake pakati pa mayiko analetsedwa mu 1992 pansi pa pangano la CITES. Khosi limene lagwidwa zaka 60 limasalala mwa mtundu wake, ndipo woyimba amene akusangalala ndi chimene wagwira amaimba bwino. Monga posungira chuma, gitala yakale yathandiza ena. Koma zonsezi ndi za m'manja, za mumtima ndi za m'thumba. Za m'khutu n'zovuta kuzitsimikiza. Gitala yamagetsi si ng'oma kuti thupi lake ndilo lizilira. Chimene chimafika kwa womvera chadutsa mu pickup, mu waya, mu amplifaya ndi mu sipika, ndipo chilichonse mwa izi chimasintha mawu kuposa mtundu wa thabwa. Ngakhale pa vayolini, imene thabwa ndilo limalira, kafukufuku wa Claudia Fritz ndi anzake amene anasindikizidwa mu 2014 anapeza kuti mwa akatswiri 10 amene anaimba osaona chimene agwira, 6 anasankha vayolini yatsopano kusiya zakale za ku Italy, kuphatikizapo za Stradivari.

Magitala a amisiri, opangidwa ochepaochepa ndi makampani ang'ono ngati Suhr, Tom Anderson kapena Collings, ndimawapatsa ulemu wochulukirapo. Mtengo wake umafotokozeka. Munthu wakhala maola ambiri akusalaza timizere tachitsulo ta pakhosi, wasankha thabwa louma bwino, waimba gitalayo asanaitumize, ndipo amalandira malipiro a ku America. Woyimba amene gitala ndi khasu lake, usiku ndi usiku, ali ndi chifukwa chogulira chida chimene sichimasuka nsambo pakati pa nyimbo. Paul Reed Smith anayamba choncho, kupangira Carlos Santana pamanja, asanatsegule fakitale mu 1985. Komabe mawu oti "yopangidwa pamanja" tiziwamva mosamala. Ambiri mwa makampani amenewa amadula thupi ndi khosi ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, ofanana ndi amene ali m'mafakitale a ku Indonesia. Kusiyana kuli pa maola omalizitsa. Maola amenewo ndi enieni, koma sachulukitsa ubwino kakhumi monga mmene mtengo umachulukira.

Chimene chimandinyansa ndi gitala yatsopano yokalambitsidwa dala. Kuyambira mu 1995, Fender Custom Shop imagulitsa magitala amene mmisiri wawakanda, wawasupula penti, wachititsa dzimbiri zitsulo zake, ndipo Gibson nayo inatsegula nthambi yake ya ntchito yomweyo, Murphy Lab. Ukafuna yokandika kwambiri, ulipiranso zambiri. Zili ngati jinzi yong'ambika m'mawondo imene m'sitolo imadula kuposa yabwinobwino. Apa makampani avomera okha kuti chimene akugulitsa ndi nthano, ndipo wogula akulipira zipsera za maulendo amene sanayende.

Tsono gitala ya m'fakitale. Fender inayamba kupangitsa Squier ku Japan mu 1982 chifukwa makampani a kumeneko ankakopera magitala ake mwaluso moti ankailanda msika. Lero Fender ili ndi fakitale ku Ensenada m'dziko la Mexico, Epiphone ili ndi yake ku Qingdao ku China, ndipo Cort ku Indonesia imapangira makampani ambiri otchuka, dzina lokha n'kumasintha pamutu pa gitala. Makina a lero amadula molondola kuposa mmene aliyense ankathera ku Fullerton mu 1954. Zolakwika zilipo, ndipo n'zodziwika: nsonga za timizere tachitsulo zimakanda chala, nsambo zimakhala patali ndi khosi, zomangira nsambo zimaterereka, switchi imachita phokoso. Zonsezi mmisiri wodziwa amazikonza tsiku limodzi, pa ndalama yochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa mitengo. Ndalama yotsalayo ipite ku amplifaya yabwino ndi nsambo zatsopano, poti nsambo zadzimbiri zimapha ngakhale Les Paul ya 1959. Eddie Van Halen anasintha kaimbidwe ka rock ndi gitala imene analumikiza yekha, thupi la madola 50 ndi khosi la madola 80. Brian May wa gulu la Queen mpaka lero amaliza imene anapanga ndi bambo ake ali mnyamata, khosi lake losemedwa ku thabwa lakale la pamalo owothera moto.

Ngati wina akufuna kuimba mlandu gitala yotchipa, mlandu ulipo, koma suli m'kaliridwe. Mu 2007 kampani ya Cort inachotsa ntchito anthu a m'mafakitale ake ku South Korea amene anali atalimba pa bungwe lawo la ogwira ntchito, ntchitoyo n'kupita ku Indonesia ndi ku China kumene malipiro ndi otsika. Anthuwo anachita zionetsero zaka zoposa 12, Tom Morello wa Rage Against the Machine n'kuima nawo, mpaka mbali ziwirizo zinagwirizana mu 2019. Magazini a magitala amene amadzaza masamba ndi mkangano wa mtundu wa penti ya mu 1959 nkhani imeneyi anangoikhudza pang'ono, mwina poti makampani amene amapangitsa magitala awo m'mafakitale otere ndi omwewo amalipira malonda m'masamba awo.