Musagulitse ng'ombe makaniko asanayang'ane kunsi kwa galimoto

Pa Dyeratu, pa Nchalo, kwa Ngabu mpaka ku Bangula, n'kovuta kudutsa pa garaja osaona galimoto itakwezedwa pamiyala, udzu utamera kunsi. Mwiniwake adauzidwa kuti injini yafa, ndipo mpaka lero banja likadakambirana kuti aikonzetse kapena aigulitse kwa ophwasula.

Kale yankho lidali lapafupi: gulitsani, muitanitse ina kuchokera ku Japan. Lero zinthu zidasintha. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola imodzi idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Galimoto zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo pamwamba pake pali msonkho wa MRA ndi ulendo wochokera ku doko la Dar es Salaam. Amene agulitsa Corolla kapena Sienta yake lero poganiza kuti agula ina chaka chamawa, akhoza kukwera kabaza kwa zaka zambiri.

Choncho ife tikuti galimoto yakale isatayidwe chifukwa cha zaka zake zokha. Injini, giyabokosi, mabuleki ndi mashoko ndi zinthu zomwe zimatha ndipo zimasinthidwa. Ngati thupi lake ndi chasisi zili zolimba, ndipo makaniko waloza chenicheni chomwe chavuta, kukonzetsa n'kwanzeru ngakhale mtengo wake ukupweteka.

Koma kuchigwa cha Shire kuli mdani yemwe anthu akumtunda samudziwa bwino: madzi osefukira. Mu January 2022 namondwe Ana adadula msewu wa M1 m'boma la Chikwawa, ndipo mu March 2023 Freddy adamiza midzi ndi misika ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Galimoto yomwe idagona m'madzi amatope siyibwereranso mwakale. Madzi akalowa mu injini ikulira amapinda zitsulo zam'kati, chifukwa madzi sapanikizika ngati mpweya. Choopsa kwambiri ndi chosaoneka. Matope amatsalira m'malo molumikizira mawaya, m'kompyuta ya galimoto ndi m'mphako za chasisi, dzimbiri n'kumadya pang'onopang'ono. Lero nyali zakana, mawa sikulira, mkuja giya sikulowa. Apa ndalama zimangothiridwa m'dengu lobowoka, ndipo galimoto yotere ndi bwino kuigulitsa ngati masipeya zikadali ndi mtengo. Ogula nawo achenjere ndi penti yonyezimira. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tukulani kapeti, nunkhizani, gwadani muyang'ane kunsi.

Mdani wina ndi dzuwa la October ndi November, lomwe limapitirira madigiri 40, kuphatikizapo chitunda cha pa Thabwa pokwera ku Blantyre. Injini yambiri yomwe ikufuna ovaholo lero idaphedwa ndi rediyeta yodontha yomwe mwini wake ankangothiramo madzi a pamjigo. Injini ikawira kangapo, mutu wake umapindika, gasiketi n'kupsa. Kugula injini ina osakonza rediyeta ndi fani n'kutaya ndalama kawiri.

Tsono funso lomwe banja lidzifunse ndi ili: galimotoyi imabweretsa chiyani pakhomo? Ya hayala kapena yonyamula thonje, chitowe ndi mbuzi kupita kumsika ikhoza kubweza yokha ndalama zokonzetsera. Werengani zomwe imatsala nazo pamwezi mutachotsa mafuta, dalaivala, inshuwalansi ndi COF, muone kuti ngongoleyo itha miyezi ingati. Yopitira kutchalitchi ndi kuukwati yokha ikhoza kudikira. Sitikuona nzeru kugulitsa ng'ombe ziwiri zomwe zikadabereka, kapena kutenga katapila, kaamba kongofuna kuti anthu asanene kuti bambo ujeni asauka. Ndipo mayi a pakhomo, omwe nthawi zambiri ndiwo amakakongola ku banki mkhonde, amve nawo mtengo wonse ntchito isanayambe.

Kwa amakaniko athu, ambiri mwa inu mumagwira ntchito yotamandika ndi zipangizo zochepa. Komabe chizolowezi chomasula injini kaye, mtengo n'kumautchula pang'onopang'ono, chikusaukitsa anthu. Lembani papepala zonse zofunika, mwini galimoto akafunse mitengo yekha ku Limbe, ndipo ngati akufuna kumva maganizo a makaniko wina musakwiye. Zitsulo zakale zomwe mwachotsa muzimubwezera.

Pali chinthu chimodzi chomwe sitinganyengerere. Ngati ndalama zakwanira injini yokha koma mabuleki ndi matayala n'zakutha, galimotoyo ikhale pamiyala pomwepo. Potsika mapiri a Chikwawa mabuleki amatentha n'kusiya kugwira, makamaka galimoto ikadzaza ndiponso dalaivala akapanda kutsika ndi giya yaying'ono. Apolisi apamsewu omwe amaima pa Thabwa ayang'anenso matayala ndi mabuleki a maminibasi ndi ma Sienta, osati mapepala okha.