Ngongole ya America ndi dzanja la akhumutcha

Ngongole ya boma la America inadutsa madola 36 thililiyoni kumapeto kwa chaka cha 2024, ndipo chisanathe chaka cha 2025 inali itapitirira 38 thililiyoni. M'chaka cha 2000 inali isanakwane ngakhale 6 thililiyoni. Chiwongoladzanja chokha chimene boma linalipira mu 2024 chinali pafupifupi madola 880 biliyoni, ndalama zoposa zimene linaika ku asilikali. Mu May 2025 kampani ya Moody's, imene imayesa kudalirika kwa maboma pobweza ngongole, inatsitsa dzikolo pa mlingo wapamwamba umene linakhalapo kwa zaka zambiri. Andale a ku Washington amakamba za ngongoleyi ngati chilala chimene chimangogwa popanda wochiitana. Zimenezo si zoona. Ngongoleyi inapangidwa ndi malamulo, ndipo malamulowo ali ndi eni ake amene anawalipirira.

Pakati pa 1998 ndi 2001 boma la America linkatolera ndalama zambiri kuposa zimene linkagwiritsa ntchito. Zinthu zinatembenuka pamene Pulezidenti George W. Bush anatsitsa misonkho mu 2001 ndi 2003, kwinaku akumenya nkhondo ziwiri zodula ku Afghanistan ndi ku Iraq. Kugwa kwa mabanki mu 2008 ndi mliri wa Covid-19 zinawonjezera katundu, ndipo pa zimenezi palibe angadzudzule boma chifukwa chokongola kuti anthu apulumuke. Koma lamulo la misonkho la 2017, limene Donald Trump anasaina, silinabwere chifukwa cha tsoka lililonse. Chuma chinkayenda bwino, ntchito zinalipo, koma msonkho wa makampani unatsitsidwa kuchoka pa 35 kufika pa 21 peresenti. Dzenje limene linatsala m'thumba la boma linakwiriridwa ndi ngongole.

Apa ndi pamene pagona chinyengo chonse. Boma likasiya kutolera msonkho kwa wolemera, ndalama zimene likufuna sizichepa. Limapita kukakongola, ndipo amene ali ndi ndalama zokongoza boma ndi mabanki, makampani akuluakulu, mabungwe osunga ndalama ndi maboma a maiko ena. Ndalama imene ikanalowa ngati msonkho tsopano ikulowa ngati ngongole, ndipo mwini wake aziilandira ndi chiwongoladzanja. Wolemera wapindula kawiri, pamene wogwira ntchito amene msonkho wake umadulidwa malipiro asanafike m'manja ndiye adzabweze. Ngakhale Warren Buffett, mmodzi mwa anthu olemera kwambiri m'dzikolo, analemba mu 2011 kuti gawo la ndalama zake limene amapereka ngati msonkho ndi lochepa poyerekeza ndi la antchito a mu ofesi yake.

Malamulo otere sangadutse m'nyumba ya malamulo chaka ndi chaka popanda wowakankha. Mu January 2010 Khoti Lalikulu la America, pa mlandu wa Citizens United, linagamula ndi oweruza asanu kwa anayi kuti boma lisaletse makampani ndi mabungwe kuwononga ndalama zilizonse zimene angafune pokopa anthu ovota, bola asazipereke m'manja mwa wopikisanayo. Chigamulochi chinatsegula khomo la mabungwe otchedwa super PAC, amene amalandira ndalama zopanda malire. Kuyambira pamenepo munthu mmodzi akhoza kulipira zotsatsa za pa wailesi yakanema ndi pa intaneti zoposa zimene anthu wamba mamiliyoni angasonkhe. Zipani zonse ziwiri zimadya m'mbale imeneyi. Michael Bloomberg anawononga pafupifupi madola 1 biliyoni a m'thumba mwake pofuna kuimira chipani cha Democratic mu 2020, ndipo mpondamatiki George Soros wakhala akuthandiza chipani chomwecho kwa zaka zambiri.

Chisankho cha 2024 chinaika zonse poyera. Elon Musk anathira madola oposa 250 miliyoni pothandiza Trump ndi chipani cha Republican, ndipo masabata omaliza a kampeni ankapereka madola 1 miliyoni tsiku lililonse kwa wovota mmodzi wa m'zigawo zimene mpikisano unali wothina. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Trump atalumbira pa 20 January 2025, Musk anapatsidwa mphamvu zodula ndalama za boma kudzera mu nthambi yotchedwa DOGE, ngakhale palibe nzika imene inamuvotera, ndipo makampani ake, monga SpaceX, ali ndi makontrakiti a mabiliyoni ndi boma lomwelo. Munthu wogulitsa katundu ku boma anaikidwa kuti aziona mabuku a boma. Kulikonse kumene chilungamo chimalemekezedwa, chimenecho chikanakhala chifukwa chokwanira chomukaniza ntchitoyo.

Musk analonjeza kudula madola 2 thililiyoni. Zimenezo sizinachitike, koma nkhwangwa inagwera pamene panalibe wodziteteza. Bungwe la USAID linathetsedwa, ngakhale thandizo lonse lopita kunja limangotenga pafupifupi 1 peresenti ya bajeti ya America. Zipatala za ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, zimene zinkadalira thandizolo pa ntchito za Edzi ndi malungo, zinamva kupweteka kwa chisankho chimene odwala ake sanavote nawo. Ngongole ya America sinatsike ndi khobidi lomwe chifukwa cha kuvutika kwawo.

Pa 4 July 2025 Trump anasaina lamulo lina lalikulu limene linapitiriza misonkho yotsika ya 2017. Ofesi ya nyumba ya malamulo yowerengera za bajeti, yomwe siikhala mbali ya chipani chilichonse, inapeza kuti lamuloli liwonjezera madola 3.4 thililiyoni pa kuperewera kwa bajeti m'zaka khumi, kuti anthu pafupifupi 10 miliyoni adzataya inshuwalansi ya chipatala, ndiponso kuti mabanja osaukitsitsa adzaluza pamene olemera kwambiri adzapindula. Musk mwiniwake, amene anali atachoka m'boma kumapeto kwa May, analidzudzula lamuloli poyera chifukwa cha ngongole. Kukangana kwa awiriwa sikunabweze mankhwala m'zipatala kapena kusintha amene adzalipire.

Oteteza dongosololi amati ndalama ndi za munthu mwini, ndipo ali ndi ufulu wolankhula nazo. Ufulu wolankhula ndi wa aliyense, koma voti inapangidwa kuti mphunzitsi ndi mpondamatiki akhale ofanana tsiku limodzi lokha. Ndalama zopanda malire zimalanda tsiku limenelo. Amatinso misonkho ikatsika chuma chimakula mpaka boma kubweza zonse zimene linataya. Mawu amenewa ananenedwa mu 2001 ndiponso mu 2017, ndipo ngongole inakwera ulendo wonse.

Njira yokonzera zinthu ndi yodziwika. Payenera kukhala malire pa ndalama za kampeni, wopereka aliyense adziwike ndi dzina, ndipo amene ali ndi kontrakiti ndi boma asakhale ndi udindo woyang'anira ndalama za boma. Amene akufuna kuchepetsa ngongole ayambe ndi kutolera msonkho kumene kuli ndalama asanakhudze mankhwala ndi chakudya cha osauka. Malawi ali kale ndi lamulo la zipani la 2018, limene limalamula zipani kuulula amene azipatsa ndalama zambiri. Zimene zachitika ku America zikuonetsa chifukwa chake lamulo lotere liyenera kutsatidwa mwamphamvu, pakuti boma limene linalowa ndi ndalama za anthu ochepa limakongola mokomera anthu ochepawo, ndipo ngongoleyo imabwezedwa ndi dziko lonse.