Mabanja a m'chipinda chimodzi akusowa mapuloti okonzedwa

M'madera monga Mtandire ndi Mgona ku Lilongwe, komanso Ndirande ndi Mbayani ku Blantyre, mabanja ambiri amakhala m'chipinda chimodzi cha lendi. Makolo ndi ana amagona momwemo atatchinga pakati ndi nsalu, ndipo mabanja angapo amagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi.

Gwero la vutoli ndi lodziwika. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe, koma bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1964, silidathe kumanga nyumba zokwanira. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zidakwera mtengo, ndipo lendi idatsatira.

Kuthithikanaku kumaika moyo pachiswe. Mu Januwale 2023, kolera idachititsa boma kuchedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda iwiriyi.

Boma silingathe kumangira aliyense nyumba. Chomwe makhonsolo angathe ndi kugawa mapuloti otsika mtengo, okhala ndi madzi, misewu ndi ngalande, anthu asanayambe kumanga. Kukonza dera anthu atadzaza kale kumadya ndalama zochuluka, ndipo nthawi zina kumafuna kugumula nyumba.