Kudzutsa wodwala pabedi si nkhanza, a mafizo amayamba ayeza

Pali nkhani imene yafala pakati pa odikirira odwala m'zipatala, ndipo imayenda mpaka m'magulu a WhatsApp. Akuti munthu wochitidwa opaleshoni kapena wodwala sitiroko azigona phee mpaka atachira. Akutinso a mafizo amene amabwera kudzamudzutsa m'mawa mwake ndi anthu opanda chisoni, odulitsa ulusi pabala. Nkhaniyi ndi yabodza, ndipo ikhoza kupha.

Kugonera pabedi nakonso kumadwalitsa. Mu 1966, ku Dallas m'dziko la America, anyamata asanu athanzi a zaka 20 anawagoneka milungu itatu osadzuka. Atawayezanso patapita zaka 30, zinaoneka kuti milungu itatu ija inawafooketsa mtima ndi mphamvu zogwirira ntchito kuposa zaka 30 za kukula. Wodwala akangogona, minofu imaphwa, makhololo amadikha m'chifuwa n'kuyambitsa chibayo, kumsana ndi m'matako kumabuka zilonda, ndipo magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo, mwina n'kukatseka m'mapapo. N'chifukwa chake bungwe la NICE ku Britain limalangiza kuti wothyoka fupa la m'chiuno ayambe kudzutsidwa tsiku lotsatira opaleshoni, pokhapokha dokotala ataona choletsa.

Ofalitsa nkhaniyi amangoona wodwala ali chilili akubuula. Saona ntchito imene yachitika phazi lisanaponde pansi.

Wa mafizo amayamba ndi fayilo. Kodi dokotala wa opaleshoni walola kuti mwendowo uponde, uponde pang'ono, kapena usaponde n'komwe? Ngati msana kapena khosi zinavulala, kodi mafupa akhazikika? Magazi alipo okwanira, kapena akutayikabe? Akatero amayeza BP, kugunda kwa mtima, kapumidwe, komanso mpweya wa m'magazi ndi kachipangizo kopanira chala. Ukatsika kufika pansi pa 90 peresenti, nthawi zambiri amayamba wadikira. Amafunsa za ululu ndi chizungulire, n'kuyesa ngati wodwala akumva zonena: "Agogo, tafinyani dzanja langali. Takwezani mwendo." Dilipi ndi mapaipi a mkodzo amazikonza kuti zisakoleke.

Kudzukako kumachitika pang'onopang'ono. Wodwala amayamba wakhala tsonga pabedi, kenako m'mphepete miyendo ili lende, kenako n'kuimirira atagwirizidwa. BP amaiyezanso: nambala yam'mwamba ikatsika ndi 20, kapena yam'munsi ndi 10, pasanathe mphindi zitatu chiimirireni, magazi sakufika bwino kumutu ndipo amamubwezera pabedi. Kupweteka pachifuwa, kubanika, thukuta lozizira kapena kubalalika maganizo zimaimitsa zonse nthawi yomweyo. Za ulusi, wong'ambidwa pamimba amaphunzitsidwa kudzukira chammbali ndi kugwira pabala ndi pilo kapena chitenje chopinda akamatsokomola.

Mantha a abale ali ndi pogwira pamodzi, ndipo n'koyenera kupatchula. Kafukufuku wa AVERT, amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2015 ndipo anakhudza odwala sitiroko 2,104, anapeza kuti amene ankadzutsidwa pafupipafupi pasanathe maola 24 chidwalireni anachira mocheperako poyerekeza ndi anzawo. Komatu anzawowo sanagonekedwe milungu ayi. Ambiri anadzuka pasanathe masiku awiri. Zimene kafukufukuyu anasonyeza n'zoti nthawi ndi mlingo ziyenera kupimidwa kwa wodwala aliyense payekha, ndipo imeneyo ndi ntchito imene a mafizo amaphunzira zaka, kuphatikizapo amene amatenga digiri ku KUHeS mu Blantyre.

M'mawodi a kuno kwathu, amene amachezera ndi wodwala usiku wonse ndi gadiyani, choncho ali ndi gawo lake pa kuyezaku. M'malo mobisa wodwala m'bulangeti n'kunena kuti wagona, auze wa mafizo zimene waona: ngati wodwala anasanza, anakomoka popita kuchimbudzi, sanadye, kapena katumba wa mwendo umodzi watupa ndipo akutentha. Chomalizachi chikhoza kukhala magazi oundana, ndipo dokotala ayenera kuchiona wodwalayo asanayende. Gadiyani afunsenso kuti aonetsedwe kagwiridwe koyenera, chifukwa kumukoka wa sitiroko padzanja lofooka kumavulaza phewa.