Pakhonde pa Banja: Ulendo wa Panjinga ku Chongoni

Mvula yatha, misewu ya fumbi yauma, ndipo chimanga chili m'nkhokwe. Masiku ano achinyamata ambiri ali ndi njinga zija za magiya ambiri ndi matayala okhuthala, zimene adazipangira kukwera mapiri, koma zambiri zimangothera pamsika ndi pabwalo la mpira. Ife tifuna kupempha makolo ndi atsogoleri a achinyamata m'mipingo kuti chaka chino njingazi zigwireko ntchito ina: zitengere ana athu ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuti akaone ndi maso ao zimene anthu akale adasiya pa matanthwe.

Ulendo wake ndi wozungulira. Muyambira pa boma la Dedza, m'tsinde mwa phiri lija lotalika kupitirira mamita 2,000. Musiya msewu wa tala ndi kulowera chakumpoto mu msewu wa fumbi wodutsa m'nkhalango ya Chongoni, kumene kuli sukulu ya boma yophunzitsa za nkhalango. Mukatulukira cha ku Linthipe, ndipo mubwerera ku Dedza pa msewu waukulu wa M1. Si ulendo wa akatswiri okha ai. Mnyamata kapena mtsikana wozolowera kupalasa ndi thumba la chimanga kunka kuchigayo angathe kuutha pa tsiku limodzi, akalawirira. Koma tichenjezeretu kuti pobwerera msewu ukwera, pakuti Dedza ali pamtunda koposa Linthipe. Chotero woyamba ndi liwiro adzatsiriza ndi kukankha. Amene ali ndi ana aang'ono angathe kufika pa mapanga a Chencherere ndi kubwerera njira yomweyo.

Kodi kumeneko kuli chiyani choti munthu n'kukhetsera thukuta? M'mapiri a Chongoni muli malo 127 amene pa matanthwe ake pali zojambula zakale, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zojambulazo zili za mitundu iwiri. Zofiira, zimene zambiri ndi mizere ndi zozungulira, ndizo zakale koposa. Adazijambula ndi Akafula, alenje aja amene makolo athu adawapeza m'dziko muno. Zoyera adazipaka ndi zala Achewa, ndi dothi loyera. Zina zooneka ngati chikopa choyanika zinali zophunzitsira atsikana pa chinamwali, ndipo zina, monga za ku Namzeze, ndi zifanizo za nyau. Pa phanga lotchedwa Mwana wa Chencherere katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, adakumba pansi m'chaka cha 1972 napeza zida za miyala za anthu amene ankakhalamo.

Tidziwa kuti pamenepa makolo ena aima kaye. Adzafunsa kuti, kodi mwana wa Mkristu akafunako chiyani ku zithunzi za chinamwali ndi gule? Funso limeneli ndi loyenera, ndipo sitilipeputsa. Chiphunzitso cha mpingo wathu pa nkhani ya nyau ndi chodziwika, ndipo sitikuchisintha pano. Koma kuona thanthwe si kuligwadira. Anthu amene adapaka dothi pa matanthwewo ndiwo agogo athu, amene magazi ao ali mwa ife. Iwo ankafuna kulangiza ana ao, kulira maliro ao ndi kupempha mvula monga momwe ankadziwira. Mwana wosadziwa kumene makolo ake adachokera sangathe kuyamika mokwanira chimene Uthenga Wabwino udadzetsa. Adzayesa kuti tchalitchi cha kwao chidamera chokha ngati bowa.

Ubwino wa ulendo umenewu ndi wakuti mbiri ya mpingo ili panjira yomweyo. M'tsinde mwa phiri la Chongoni muli malo ophunzitsirako Akristu a Sinodi ya Nkhoma, otchedwa dzina la Mbusa Namoni Katengeza. Iyeyu pamodzi ndi Andreya Namkumba ndiwo adali abusa oyamba achikuda a mpingo wa Nkhoma, ndipo adadzozedwa m'chaka cha 1925. Kunja kukayera, chakumpoto kuoneka phiri la Nkhoma, kumene mfumu Mazengera ndi anthu ake adathawira nkhondo, kufikira mishoni idakhazikika m'munsi mwake m'chaka cha 1896. Kutsidya kwa msewu wa M1, chakumadzulo, kuli phiri la Mphunzi, kumene matanthwe ojambulidwa ayandikana ndi mishoni yoyambidwa m'chaka cha 1903. Uko n'kotalikirapo, kufuna tsiku lakelake. Woyenda pa basi zonsezi zimpita ngati utsi. Wapanjinga aima, apuma, afunsa, ndipo aona kuti phanga, phiri lothawirako ndi nyumba ya Mulungu ndi mitu ya nkhani imodzi.

Tikumbuke kuti Yoswa ataolotsa Aisrayeli pa Yordano adaimika miyala 12 ku Giligala, cholinga chake kuti ana akadzaiona adzafunse tanthauzo lake, makolo napeze poyambira kuwauza ntchito za Mulungu. Mwala sulankhula. Ulankhula ndi kholo limene laima pambali pake. Chifukwa chake sitikuti mungowapatsa ana njinga ndi kuwatsazika pachipata. Papite mkulu wa mpingo, mphunzitsi wa Sande sukulu kapena mai wa Chigwirizano wodziwa kupalasa, woti akayankhe mafunso.

Pali chinthu chimodzi chotimvetsa chisoni. Pa mapanga ena, makamaka a Chencherere, alendo adalembapo maina ao ndi makala ndi choko pamwamba penipeni pa zojambula. Ena asonkha moto m'mapangamo, ndipo mwaye waphimba utoto. Nkhalango nayonso ikutha ndi nkhwangwa za ootcha makala. Chimene chidapirira mvula ndi dzuwa mibadwo yambiri, dzanja la mwana mmodzi wosalangizidwa lingathe kuchifafaniza pa kamphindi, ndipo palibe mmisiri wochibwezera. Tisamvenso kuti wina wakanda thanthwe poyesa kuti akutumikira Mulungu, kapena walembapo vesi. Mau a Mulungu malo ake ndi mumtima. Kuononga chinthu cha fuko lonse ndi kuba, ngakhale wakubayo atanyamula Buku Lopatulika m'thumba. Akulu adati ukayenda siya phazi. Pa matanthwe amenewa tisasiyepo kanthu kena kalikonse.

Tsono kwa okonzeka kunyamuka, nawa malangizo pang'ono. Yang'anani mabuleki ndi tcheni dzulo lake, pakuti matsitso a miyala sakhululukira njinga yopanda buleki. Tengani pompa, chubu chapadera, zigamba ndi sipanala, madzi akumwa okwanira, ndi kamba wa mbatata yophika kapena mtedza. Musaiwale juzi, chifukwa mphepo ya ku Dedza m'miyezi ya Juni ndi Julayi ilowa m'mafupa. Mapanga ena ali pamwamba, ndipo njinga muyenera kuisiya m'munsi ndi kukwera ndi miyendo. Yambani mwapereka moni kwa anyakwawa ndi kupempha munthu wodziwa malowo kuti akutsogolereni, popeza safunsa adadya phula. Pa msewu wa M1 yendani mondondozana kumanzere, ndipo mufike kunyumba dzuwa lisanalowe. Sankhani Loweruka kapena tsiku lina la holide, pakuti Sabata lili ndi Mwini wake.

Ana akabwerako, afunseni madzulo pa chakudya zimene aona, ndipo agogo ali pafupi aonjezepo zimene akumbukira. Pa mapemphero a banja usiku umenewo muyamike Mulungu amene adasunga makolo athu m'mapanga ndi m'mapiri, kufikira kuunika kudawafikira.